KU SELBU NDI KU SETESDAL, KWAO KWA OLUKA MAJUZI

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za dziko la Norway, limene liri kumpoto kweni kweni kwa Ulaya, ndi za nchito imodzi ya manja imene tinaipeza m'nyumba zambiri za kumeneko, ndiyo yoluka majuzi a ubweya wa nkhosa. Kapena ena a inu munaonapo pa msika wa kaunjika juzi yolemera, yakuda ndi timadontho toyera, kapena ya nyenyezi za nsonga zisanu ndi zitatu pacifuwa, ndipo munaigula m'mwezi wa Juni osadziwa kumene inacokera. Ife tinafika kwao kwa majuzi amenewo, ndipo zimene tinaona ndi kumva ndizo tilemba pano.

Tinatsikira ku Oslo, mzinda waukuru wa dzikolo, m'mwezi wa Novembala. Dzuwa linali kuturuka nthawi ya 8 itapitirira, ndipo isanakwane 4 madzulo linali litalowa kale. Ngakhale masana silikwera pamutu ai, lingoyenda m'munsi ngati munthu wodwala wotsamira khoma. Anatiuza kuti m'Disembala usana wa ku Oslo ndi maola 6 okha, ndi kuti ku Tromsø, kumpoto kwambiri, dzuwa silioneka konse kuyambira kumapeto kwa Novembala kufikira pakati pa Januwale. Cisanu cace sitidziwa cocifanizira naco. Ife tinayesa kuti tidziwa kuzizira cifukwa tinagonapo ku Dedza m'Julai, koma kumeneko mphepo iluma makutu kufikira munthu aleka kuwamva, ndipo madzi a m'zithaphwi auma gwa, ana nayendapo.

Kucokera ku Oslo tinakwera sitima ya panjanji kunka ku Trondheim, ulendo wa maola ngati 7, wopyola mapiri a Dovre amene anali atayera kale ndi cipale cofewa. Moyang'anana nafe munakhala mai wina wacitsikana, wobvala ngati wa nchito ya muofesi, amene atangokhala pansi anaturutsa m'thumba mipukutu iwiri ya ulusi, wina woyera wina wobiriwira ngati thambo, nayamba kuluka. Maso ace anali pazenera, nthawi zina pa mwana amene anakhala naye, koma zala zace zinali kuthamanga zokha. Tinamyang'ana nthawi yaitali koposa m'mene ulemu ulolera, kufikira iye anaseka natiuza kuti alukira atate wace, ndi kuti ayenera kutsiriza Kirisimasi isanafike. Mau amenewa, akuti Kirisimasi isanafike, tinawamva kwa woluka ali yense m'ulendo wonse.

Kaluke kao nkotere. Ulusi augwira ku dzanja lamanzere, ndipo singano yolukira ya ku dzanja lamanja ingoukola ndi kuuturutsa m'kabowo ka ulusi unzace. Kabowo kameneka m'cinenero cao akachula maske, ndilo liu lomwelo achulira diso la ukonde wa nsomba. Tsono ifenso tidzati maso. Saluka cakutsogolo pa cokha ndi cakumbuyo pa cokha monga acitira amai ambiri kwathu kuno, koma aluka mozungulira, pa singano ziwiri zolumikizidwa ndi kacingwe, kotero kuti thupi lonse la juzi likwera ngati nkhokwe yopanda khomo. Akafuna maluwa kapena nyenyezi, atenga mitundu iwiri ya ulusi pamodzi: umene uoneka kunja aluka nao diso, unzace upita cakumbuyo kudikira nthawi yace. Cotero juzi ikhala ya mipheto iwiri, ndipo pakati pace pakhala mpweya umene usunga kutentha kwa thupi. Apa mpamene tinazindikira kuti zokometsera zija siziri za maso okha. Ngakhale timadontho tating'ono tiri ndi nchito yace, pakuti ulusi wakumbuyo ukayenda mtunda wautali wosagwidwa ulendewera, nukola zala za wobvala.

Ubweya wace ucokera kwa nkhosa zao zomwe. Pali mtundu wina wakale, wa mcira waufupi, wochedwa spælsau, umene uli ndi ubweya wa mitundu iwiri pa thupi limodzi: wakunja wautali ndi wolimba, wotaya mvula, ndi wam'kati wofewa, wofunditsa. M'nyengo yotentha azitumiza kumapiri zidzidyera zokha popanda mbusa wozitsata tsiku ndi tsiku, ndipo m'Sepitembala eni ace akwera kukazisonkhanitsa. Ubweya uli ndi khalidwe limene thonje liribe, ndilo lakuti ungakhale wanyowa ufunditsabe. Munthu wa malaya a thonje akabvumbwa kumapiri a kumeneko m'nyengo yacisanu, moyo wace uli pangozi.

Mudzi wa Selbu uli makilomita ngati 70 kucokera ku Trondheim, m'mbali mwa nyanja yaitali yochedwa Selbusjøen, pakati pa nkhalango za mitengo yonga mkungudza. Anthu ace ndi owerengeka, ngati 4,000, koma dzina lao lidziwika kutali cifukwa ca zobvala za m'manja, zonga magolovesi koma zosagawa zala, cala cacikuru cokha ndico ciri ndi nyumba yace. Mbiri yace iyamba ndi mtsikana mmodzi, Marit Emstad, amene anabadwa m'caka ca 1841 namwalira m'caka ca 1929. Pokhala wa zaka ngati 16, ca m'ma 1857, analuka magolovesi a mitundu iwiri, yakuda ndi yoyera, okhala ndi nyenyezi pamsana pa dzanja, nawabvala popita ku chalichi tsiku la Mulungu. Nyenyeziyo sanaipeke ndi iye, pakuti inali kale pa nsaru zopeta za maiko ambiri; cimene anacita iye ndico kuicotsa pa nsaru ndi kuiika pa singano zolukira. Amai a m'mudzimo anaona, monga amai aonera cinthu catsopano pa mnzao ngakhale m'nyumba ya mapemphero, ndipo pasanapite zaka zambiri mudzi wonse unali kuluka cotero.

M'nyumba yosungiramo zakale, imene iri pafupi ndi chalichi ca Selbu, tinaona magolovesi ambirimbiri, ndipo poyamba tinayesa kuti onse ndi ofanana. Koma munthu akayang'anitsa aona kuti lamulo ndi limodzi, kaluke nkosiyana. Pamsana pa dzanja pakhala cithunzi cacikuru, pacikhatho tizithunzi tating'ono tobwerezabwereza cifukwa ndipo poperepeseka msanga, m'mbali muyenda kamzera kolekanitsa ziwirizi, ndipo kunsonga kuthera cosongoka. A amuna ali ndi zithunzi ndi pa mkono pomwe, a akazi ali ndi mizera. Zithunzizo ziri ndi maina otengedwa ku zinthu za pakhomo, monga nyanga za nkhosa yamphongo ndi kangaude, ndipo zina zichedwa ndi dzina la munda kapena banja kumene zinayambira.

Cimene cinatikhudza koposa ndi mwambo wa ukwati. Kale mtsikana wa ku Selbu sakanakwatiwa manja ali lende. Anayenera kulukira mwamuna wace magolovesi okongola koposa onse, ndi kulukiranso amuna a kucimuna. Ndipo amai oitanidwa anabwera ndi magolovesi ao, amene anapacikidwa pa cingwe m'nyumba ya ukwati kuti ali yense aone. Tangoganizani, abale, cingwe cimeneco, ndi apongozi akuyenda pansi pace cete, akutembenuza golovesi liri lonse kuona cakumbuyo. Sitikhulupira kuti mtsikana wa masiku amenewo anagona tulo tabwino mwezi wa ukwati wace.

Pambuyo pace nchito ya cikondi inasanduka ya njala. Amuna a ku Selbu kuyambira kale anali kusema mphero m'mapiri ao ndi kuzigulitsa m'dziko lonse, koma ca kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 malonda amenewa anafa, pakuti zigayo zatsopano sizinafune miyala yao. Pamenepo mabanja anatsamira pa singano. Analuka amai, analuka ana, analuka ndi amuna omwe, ndipo magolovesi anawatengera ku sitolo kukasinthana ndi ufa, khofi ndi shuga. M'zaka za m'ma 1930 mudzi waung'onowo unali kuturutsa mapeyala ngati 100,000 pa caka. Koma woluka cifukwa ca njala aluka mofulumira, ndipo kaluke kanayamba kuipa, dzina la Selbu nilitsika. Cifukwa cace m'caka ca 1934 anakhazikitsa bungwe lochedwa Selbu Husflidscentral, loyesa golovesi liri lonse lisanagulitsidwe ndi kubweza losalukidwa bwino. Lero nyenyezi ija iri pa cizindikiro ca boma la mudziwo, zitatu zakuda pa mbee.

Titacoka ku Selbu tinabwerera kumwera, kupyola Oslo kufikira ku Kristiansand, pa gombe la nyanja yamcere. Kucokera pamenepo cigwa ca Setesdal cilowa kumpoto pakati pa mapiri, citsata mtsinje wa Otra. Kale cigwa cimeneci cinali cobisika ndithu. Njanji inafika ku Byglandsfjord m'caka ca 1896, nitsekedwa m'caka ca 1962, ndipo kumtunda kwace anthu anayenda pa ngalawa, pa akavalo ndi pansi. Cifukwa ca kubisikako anasunga zao: kalankhulidwe kobvuta ngakhale kwa anzao a ku Oslo, osula siliva, ndi nyimbo ndi magule amene UNESCO inawalemba m'caka ca 2019 pakati pa cuma ca anthu onse. Ife tinayenda pa basi, ndipo pamene tinali kukwera mapiri anayandikana, matanthwe osalala naimirira mbali zonse ziwiri, madzi atauma pa iwo ngati makandulo osungunuka.

Pa njirayo pali kamudzi kochedwa Ose, ndipo dzina lace ligwirizana ndi la mai wina, Annemor Sundbø, amene nkhani yace iyenera kusimbidwa. M'caka ca 1983 maiyu anatenga fakitale yaing'ono pafupi ndi Kristiansand, yochedwa Torridal Tweed, imene nchito yace inali kulandira nsanza za ubweya, kuzing'amba ndi makina, ndi kupanga nazo zofunda ndi matiresi. M'nyumba yosungira anapeza phiri la nsanza: majuzi, masokosi, zipewa, zobvala zam'kati, zolukidwa ndi manja a amai osadziwika maina, zina zokhala ndi zigamba pamwamba pa zigamba. Iye anayamba kupatula zimene mtima unakana kuponya m'makina, ndipo pa nsanzazo analemba mabuku, limodzi la m'caka ca 1994 lonena za zoluka za masiku onse, lina la m'caka ca 1998 lonena za juzi ya ku Setesdal. Nyumba zosungiramo zakale zisunga cobvala ca ukwati ndi ca mfumu. Ca kumunda cibvalidwa mpaka kutha. Cikhala kuti maiyu sanawerame pa dzala limenelo, zambiri za kaluke ka amphawi zikadagonedwa m'matiresi.

Tinafika ku Valle, makilomita ngati 150 kucokera ku Kristiansand, kutada kale, ndipo banja lina linatilandira masiku asanu. Mwini nyumba anali mai wamasiye wa zaka zopitirira 70, wokhala ndi mwana wace wamwamuna, mpongozi, ndi adzukuru. Adzukuruwo anawaitana farmor, ndiko kunena amace a atate, pakuti kumeneko agogo a kucimuna ndi a kucikazi ali ndi maina osiyana. Ife tinangoti Amai, ndipo mwana wao ndiye anatimasulira. Usiku woyamba womwe anatsegula bokosi natiturutsira juzi ya malemu amuna ao.

Iyi ndiyo lusekofte, ndiko kunena juzi ya nsabwe. Musaseke, abale, ife tinaseka, ndipo Amai anaseka nafe. Nsabwezo ndi timadontho toyera tija, diso limodzi limodzi, tomwazika pa thupi lakuda. Juzi yotere inayamba kubvalidwa ndi amuna a m'cigwamo m'zaka za m'ma 1800. Pamapewa ndi pamikono pali mizera ya zithunzi, ndipo codziwika koposa ndi ca mtanda wopingasa ndi mkombero motsatana. Pakhosi ndi kumapeto kwa mikono asokerapo nsaru yakuda ya ubweya yopetedwa ndi ulusi wofiira ndi wobiriwira, ndi zokowera za siliva kapena citsulo coyera. Koma cimene cinatidabwitsa ndi cakumunsi, pakuti pa majuzi akale kuyambira m'mimba kutsika nkoyera kokha kokha, kopanda cithunzi. Tinafunsa cifukwa cace. Anatisonyeza cithunzi ca mwamuna wa ku Setesdal wobvala buluku wa makolo ao, amene akwera mpaka pacifuwa, nati: Cimene cilowa m'buluku aciona ndani? Ulusi wakuda unali wobvuta kuupeza, ndipo mkazi wanzeru sanautaye pa malo obisika. Tinakumbuka amai athu amene akhoma ndi kutsira bwino khoma loyang'ana kunjira.

Pa juzi imeneyi ndipo panacokera ina imene lero ioneka pali ponse m'dzikolo, yochedwa Marius. Mai wina wopanga zobvala, Unn Søiland, anaikonza m'caka ca 1953, natenga zithunzi za ku Setesdal, nacotsa nsabwe, naika mitundu ya mbendera ya dziko: yofiira, yoyera ndi yobiriwira ngati thambo. Dzina inalitenga kwa Marius Eriksen, amene anali woulutsa ndege za nkhondo ndi katswiri wotsetsereka pa cipale, ndipo anaibvala m'kanema wa m'caka ca 1954. A banja la Eriksen ananena kuti amace a Marius, Bitten Eriksen, ndiwo anayamba kuluka yotere, ndipo mkangano umenewo unakhala zaka zambiri. Titafunsa Amai kuti mwini wace weni weni ndani, anagwedeza mapewa naloza m'bokosi muja.

Anatiuzanso za masiku a nkhondo, monga anamva kwa amao. Ankhondo a Germany analanda Norway m'Epulo 1940, nakhala mpaka m'Meyi 1945. Anthu posowa ponenera anayamba kubvala zipewa zofiira zoluka okha, zonga za ana, kusonyeza kuti mtima wao uli ndi mfumu yao imene inathawira ku London; ndipo m'Febuluwale 1942 olamulira analengeza lamulo loletsa zipewa zofiira. Boma la mfuti ndi ndege linacita kukhala pansi kulemba kalata yolimbana ndi nchito ya agogo.

Tsono za iwo eni. Amai sanagulitsepo juzi ciyambire. Ali ndi kabuku kakang'ono kamene alembamo dzina la womlukira, caka, muyeso wa cifuwa ndi mikono, ndi ulusi umene unalowa. Mwana ali yense wa m'banjamo alandira yoyamba asanayambe kuyenda, ndipo ikamcepera ipita kwa mng'ono wace kapena msuweni; ina tinaiona inali itabvalidwa ndi ana asanu, zigongono zitalukidwanso kawiri. Ananena poyera kuti masiku ano ulusi wa juzi imodzi uposa mtengo wa juzi yathunthu ya m'sitolo yolukidwa ndi makina kutsidya la nyanja, ndipo mafakitale a m'dziko momwemo, monga la ku Dale limene linayamba m'caka ca 1879, aluka zokongola zosapezeka cilema. Tinawerenga nao pa pepala: ulusi umene anali kuluka nao ulowa maso 22 pa masentimita 10, ndipo cifuwa ca mnyamata wamkuru cifuna maso ngati 240 kuzungulira kamodzi, mizera ngati 180 kukwera, kuonjezapo mikono iwiri, zikwana maso ngati 60,000, liri lonse lopita pa cala. Tinafunsa, Amai, nanga mubvutikiranji? Anayankha kuti madzulo a kwao ndi atali, ndi kuti munthu sangathe kuganizira mdzukuru wace maola onsewo manja ali cabe.

Koma anali ndi dandaulo lao, ndipo sanalibise ngakhale mpongozi anali pomwepo. Caka cina analukira mwana wao juzi ya nsabwe miyezi iwiri, ndipo wina m'nyumbamo anaiponya m'makina ocapira ndi madzi otentha. Inaturuka yolimba ngati cikopa, yokwana mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi. Ubweya uli ndi timamba tosaoneka, ndipo ukakomana ndi madzi otentha, sopo ndi kupikicidwa, timambato tikolana osamasukanso. Asodzi a ku Lofoten kale anacita dala zimenezi: akazi ao anawalukira magolovesi akuru koposa dzanja, ndipo ndi madzi ndi nchito anafinyika nakhala ocindikala osalowa mphepo. Koma cimene ciri cabwino pa golovesi la msodzi ndi maliro pa juzi ya tsiku la Mulungu. Mpongozi anangoti cete, nanyamuka kukaika khofi pamoto, ndipo tinadziwa amene anacapa.

Ifenso anatipatsa singano. Tinakana, tinati kwathu ndi nchito ya amai. Anatikumbutsa amuna a ku Selbu, ndipo tinasowa poyankha. Madzulo awiri tinalimbana ndi kansaru konga cikhatho. Ulusi wakumbuyo tinaukoka kwambiri poopa kuti ungalendewere, ndipo kansaruko kanakwinyika ngati nkhope ya munthu wodya bwemba. Amai anakayang'ana, natambasula pa bondo, nasolola singano, nakoka ulusi. Nchito ya madzulo awiri inatha m'kamphindi. Sanapepese. Anati iwonso amasula kawiri kawiri, ndi kuti ubweya sukwiya.

Juzi imene inali pa singano zao masiku amenewo inali ya mdzukuru wamkuru, mnyamata wa zaka 19, amene anapita ku Tromsø kukaphunzira, ndipo Kirisimasi imeneyo sakanabwera kwao. Anaiyamba m'Sepitembala. Usiku wathu wotsiriza thupi linali litatha, mikono iwiri iri pambali, ndipo panatsala cimene tinali kudzifunsa ciyambire pa sitima paja: nkhokwe yopanda khomo, mikono idzalowera pati?

Yankho lace ndi sizasi. Juziyo aidula.

Amai anaiyala pa thebulo pansi pa nyale, natenga mkono umodzi, nayesa kukula kwa kumtunda kwace, naika muyeso womwewo m'mbali mwa thupi kucokera paphewa kutsika, nazindikiritsa ndi kaulusi kofiira. Anayesa kawiri, nayesanso kacitatu. Atatero anapita nayo pa makina osokera, nasoka mizera iwiri ya timisoko tating'ono mbali iyi ya diso lapakati, iwiri mbali inayo, ndi kupingasa pansi, kuti maso angamasuke. Nsaru yoluka ndi ulusi umodzi woyenda kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo cina ciri conse colakwika cingathe kumasulidwa ndi kulukidwanso, monga tinaonera pa kansaru kathu. Koma ulusi wodulidwa sulumikizika. Wodula mopitirira, kapena wosoka mophonya diso limodzi, ataya miyezi itatu.

Tinayesa kuti adula okha. Koma anaitana mlongo wace wa mnyamatayo, mtsikana wa zaka 14, amene masiku onsewo tinamuona ali pa foni yace, ndipo amene, monga atate wace anatinong'oneza, analukapo cipewa cimodzi cokha ca ku sukulu. Anampatsa sizasi. Mtsikanayo anabisa manja kumbuyo, nati: Farmor, ndidzaononga. Amai anati: Ukaononga udzamlembera wekha mlongo wako. Mpongozi anayamba kunena kanthu, mwamuna wace namgwira mkono. M'nyumbamo munali zii, nkhuni zokha zikuthetheka m'mbaula.

Amai anatambasula manja ao, ndipo pamenepo tinaona cimene sitinacione masiku anai onse, kuti mfundo za zala zao zinali zotupa ndi zokhota, ndi kuti poluka anali kupuma kawiri kawiri ndi kuziika pa kapu yotentha. Analowetsa dzanja limodzi m'kati mwa juzi kuti sizasi ingagwire cakumbuyo, natambasula malo odulawo pakati pa zala ziwiri. Mtsikanayo anawerama kufikira tsitsi lace linakhudza thebulo, nadula diso loyamba. Ubweya podulidwa ulira ngati munthu woponda pa mcenga wouma. Anadula laciwiri, naleka, nayang'ana agogo ace; iwo sanamyang'ane, maso ao anali pa kaulusi kofiira. Anapitiriza pang'ono pang'ono, nsabwe zoyera zikupatukana mbali iyi ndi iyo, kufikira nsonga ya sizasi inaima pa msoko wopingasa. Amai ananyamula juziyo, naikoka mwamphamvu mbali zonse ziwiri pamaso pathu. Palibe diso linamasuka.

Mbali yaciwiri mtsikanayo anadula osaitanidwa, ndipo anafulumira koposa m'mene ife tikadafunira. Pambuyo pace anakhala pansi pamodzi kusokerera mikono, agogo akumsonyeza m'mene kampheto ka kumtunda kwa mkono kapindikira kuphimba mabala a sizasi cam'kati. Ndipo pamene ife tinapita kukagona, nthawi ya 11 itapitirira, anali asanatsirize mkono woyamba, akutsutsana za zokowera, ngati aike zatsopano kapena acotse za siliva pa juzi ya malemu.

M'mawa mwace basi inacoka kusanace. Potsazika tinapeza juziyo itayalidwa pa thaulo lonyowa pansi pa cipinda, zokowera zakale za siliva ziri pakhosi pace, ndipo pambali panali katoni yolembedwa kale keyala ya ku Tromsø. Kabuku kaja kanali cotsegula pa thebulo, ndipo pa mzera wotsiriza panali dzina la mnyamatayo ndi miyeso yace m'malembedwe a Amai, ndi pansi pace mau ena m'malembedwe ena, ozungulira, a mwana wa sukulu. Amai anatiperekeza mpaka pakhomo pokha cifukwa ca kuterera, natipatsa magolovesi akuda ndi oyera, nati tisawacape ndi madzi otentha.